Ana atatu, apongozi ndi maola 11 m'ndege: kodi mu ekonomi tikapirira?

"Akatswiri, ndithandizeni maganizo. Mwezi wamawa ine, amuna anga, ana athu atatu ndi apongozi anga aakazi tili ndi ulendo wa kunja. Mwana wamkulu ali ndi zaka 9, wachiwiri zaka 3, wotsiriza ndi khanda la miyezi 8. Apongozi ali ndi zaka 68 ndipo amamwa mankhwala a BP. Tikwera ndege ziwiri, yoyamba maola 3, yachiwiri maola 8 usiku. Ndalama zathu zangokwana matikiti a ekonomi. Ine ndi ana sitinakwerepo ndege. Mnzanga wandiuza kuti mipando yake ndi yothinana, ana amalira njira yonse mpaka anthu kukunyansidwa, ndipo akuti ndidzam'mwetse wakhandayo mankhwala a chimfine kuti agone. Kodi nzoona? Tulo sindikuliona." Mayi wa ana atatu

Mayi, mtima ukhale m'malo. Ndagwira ntchito yosamalira anthu m'ndege kwa zaka zambiri, ndipo mabanja ngati lanuli ndawaperekera chakudya osawerengeka. Ambiri mwa iwo ankakhala mu ekonomi momwemo. Mnzanuyo sananame kuti malo ndi ochepa. Pa ndege zoyenda mitunda italiitali, kuchokera pa mpando wanu kufika pa wa kutsogolo pamakhala masentimita pafupifupi 76 mpaka 81, ndipo m'lifupi mpando umakhala masentimita 43 mpaka 46. Munthu wamtali mawondo amagunda. Koma pa zimene ndaona ine, kuthinana si kumene kumaliza mabanja. Amene amatsika ali ofooka ndiponso atayambana ndi aja anangogula matikiti n'kukhala chete mpaka tsiku la ulendo. Ntchito yaikulu ili pansi pano, m'masabata amene mwatsala nawowa.

Tiyambe ndi tikiti. Onetsetsani kuti nonse asanu ndi mmodzi muli pa nambala imodzi ya bukingi, komanso kuti ndege ziwirizo zili pa tikiti imodzi. Zikakhala choncho, ndege yoyamba ikachedwa n'kukuphonyetsani yachiwiri, kampani ndiyo imakupezerani ina, ndipo katundu wanu nthawi zambiri amapita yekha mpaka kumene mukupita. Mukagula matikiti awiri osiyana pofuna kupulumutsa kangachepe, vuto lonse limakhala lanu. Pakati pa ndege ziwirizo pakhale maola awiri kapena atatu. Munthu yekha angathamange n'kukwanitsa pa ola limodzi, koma inu muli ndi thewera loti musinthe, wazaka 3 amene adzafuna chimbudzi pa nthawi yolakwika, ndi agogo amene sangathamange.

Khanda nalo limafunika tikiti ndi pasipoti yakeyake, ngakhale likhala pamiyendo panu. Mwana wosakwana zaka 2 saumirizidwa kukhala ndi mpando, ndipo pa maulendo a pakati pa mayiko makampani ambiri amalipiritsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wa munthu wamkulu. Mayina pa tikiti afanane ndi a pa pasipoti chilembo ndi chilembo. Mayiko ambiri amafuna pasipoti yotsala ndi miyezi 6 isanathe ntchito, ndipo ena amafuna viza ngakhale mukungodutsa posintha ndege. Tengani zikalata za kubadwa kwa ana. Funsaninso ngati kumene mukupita kapena kudutsa amafuna khadi la katemera wa yellow fever. Khadi limeneli limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayireni, ndipo kuyambira 2016 limagwira moyo wonse. Pa banja lanu pali anthu awiri oti musawasankhire nokha pa nkhani imeneyi: katemerayu kawirikawiri amaperekedwa kuyambira miyezi 9, ndiye khanda lanu silinafike, ndipo kwa anthu opitirira zaka 60 dokotala amayamba wayeza kaye ubwino ndi chiopsezo chake. Pitani kuchipatala sabata ino, osati sabata ya ulendo.

Tsopano mipando, pamene ndikufuna tikhalitsepo. Musaganize kuti popeza mwagula limodzi ndiye kuti adzakukhazikani pamodzi. Ndaonapo mayi ali mzere wa 22, bambo wa 41, mwana pakati pa alendo awiri, ife ogwira ntchito tikupempha anthu mmodzimmodzi kuti asinthane, ena n'kukana poti mpandowo anaulipirira. Imbirani kampani ya ndege kapena amene anakugulitsani matikiti lero lomwe. Ngati kusankha mpando kuli ndi mtengo ndipo thumba silikulola, khalani tcheru pa nthawi imene check-in (kulembetsa kotsimikizira kuti mukwera ndege) ya pa intaneti imatsegulidwa, kawirikawiri maola 24 mpaka 48 ndege isananyamuke, mulowe m'mphindi zoyambirira.

Mukamaimba, pemphani kabedi ka mwana kamene amakatcha bassinet. Amakakoleka pa khoma la kutsogolo kwa mzere woyamba wa chigawo, ndipo pa ndege yonse timakhalapo tochepa, choncho amapeza ndi amene wayamba kupempha. Kali ndi malire a kulemera, pa makampani ambiri pafupifupi makilogalamu 10 kapena 11, ndiye muyezeni mwanayo musanaimbe. Pa ulendo wa usiku wa maola 8 kabedi kameneka ndi mpumulo weniweni wa manja anu. Kali ndi zovuta zake ndithu. Chizindikiro cha lamba chikayaka mudzauzidwa kumunyamula mwana ngakhale atangogona kumene, ndipo pamenepo musatikwiyire, ndi lamulo. Pa mzere umenewo zotsamiritsa mikono sizikwezeka, ndipo ponyamuka ndi potera zikwama zonse zimapita m'mwamba.

Mukufunika mipando isanu. Ndikanakhala ine, ndikanakhazika inu, khanda ndi apongozi pa mzere wa kabedi, apongozi ali kumbali ya kanjira, kenaka bambo ndi ana awiriwo pa mzere wa kumbuyo kwanu penipeni. Chifukwa chake n'chosavuta. Mwana wazaka 3 miyendo yake siifika pansi, ndiye amamenya mpando wa kutsogolo, mumuletse musamuletse. Kuli bwino azimenya wa mayi ake kusiyana ndi wa mlendo amene akufuna kugona. Ndege yaing'ono ngati Boeing 737 kapena Airbus A320 imakhala ndi mipando itatu uku itatu uku. Zazikulu ngati Boeing 787 ndi Airbus A350 zambiri zimakhala ndi itatu, itatu, itatu, pomwe Airbus A330 nthawi zambiri imakhala iwiri, inayi, iwiri. Onani mtundu wa ndege pa tikiti yanu kuti mudziwe chopempha. Mzere wa pa khomo lotulukira pangozi uli ndi malo otambasula miyendo, koma ana, onyamula makanda ndi anthu osatha kukankha chitseko cholemera saloledwa pamenepo. Ngati pali wina amene amachita nseru pagalimoto, mipando ya pafupi ndi mapiko ndiyo siigwedezeka kwambiri. Kumchira ndiko kumavina.

Pa foni yomweyo pemphani zinthu zina ziwiri. Choyamba ndi chakudya chapadera: cha ana, cha khanda, ndi cha mchere wochepa cha apongozi. Chimafunika kupemphedwa maola 24 mpaka 48 ulendo usanafike, ndipo ubwino wake wobisika ndi wakuti chimabwera choyamba, anthu ena asanalandire. Ana amadya inu manja ali omasuka, inu n'kudya pambuyo. Chachiwiri ndi njinga ya olumala ya apongozi. Ndikudziwa, adzakana. Adzati, "Ine ndimayenda ndekha, sindine wodwala." Auzeni mwaulemu kuti pa mabwalo akuluakulu a ndege munthu amatha kuyenda mtunda woposa kilomita kuchoka pa khomo lina kufika pa lina, ndipo wokankha njingayo amadziwa njira, kawirikawiri amadutsitsa banja lonse pa mzere wachidule. Thandizoli salipiritsa. Anenereni kuti akuthandiza zidzukulu, adzavomera.

Za mankhwala ogonetsa khanda, yankho langa ndi ayi, ndipo pamenepa sindinyengerera. Mankhwala ena a chimfine ndi ziwengo amene amagonetsa, monga promethazine, saloledwa kwa mwana wosakwana zaka 2 chifukwa amatha kufooketsa kupuma. M'ndege mpweya umakhala wopepukirapo kale, ngati muli paphiri lotalika mamita 1,800 mpaka 2,400, ndipo chipatala chili kutali. Kuonjeza apo, ana ena mankhwalawa amawatembenukira, m'malo mogona amalusa. Ndikukumbukira mwana wina wamng'ono amene makolo ake anam'mwetsa tisananyamuke. Analira mokuwa, akudziponya uku ndi uku kwa maola angapo, mayi ake nawo misozi ili m'maso, akundinong'oneza kuti anangomvera mnzawo. Mankhwala oti mutenge ndi paracetamol wa ana pa mlingo umene achipatala akuuzani, woti mumupatse akatentha thupi kapena akamva kupweteka, osati womugonetsera.

Chimene chimaliza ana ambiri ndi makutu, ndipo mukamvetsa chifukwa chake mudzadziwa chochita. Ndege imauluka pamtunda wa makilomita 10 mpaka 12, ndipo pokwera ndi potsika mphamvu ya mpweya m'kati imasintha. Kuseri kwa nembanemba ya khutu kuli kampata ka mpweya kolumikizana ndi kukhosi kudzera mu kanjira kakang'ono. Kanjirako kamatseguka munthu akameza kapena kuyasamula. Kwa ana n'kopapatiza ndipo sikachedwa kutsekeka. Pokwera sipavuta kwenikweni. Potsika ndi pamene pamapweteka, ndipo kutsika kumayamba pafupifupi mphindi 30 ndege isanatere, osati pamene mwaona nyumba pansi. Apa ndi pamene amayi ambiri amaphonya: amayamwitsa mwana msanga, akhuta, agona, ndipo nthawi yofunika kumeza ikafika akukana bere. Musungireni njala pang'ono. Mukamva injini zatsika mawu ndipo makutu anu ayamba kutsekeka, mudzutseni ngati wagona, mumuike kubere kapena mumupatse botolo. Wazaka 3 azimwa madzi pang'onopang'ono. Wazaka 9 atafune chingamu, kapena atseke mphuno ndi zala, atseke pakamwa, n'kuuzira mofatsa. Khanda likalira potsika musade nkhawa kwambiri, kulirako kumathandizanso kutsegula makutu. Koma mwana aliyense akakhala ndi chimfine chachikulu, kutentha thupi kapena khutu lopweteka masiku oyandikira ulendo, kaonaneni ndi dokotala musanakwere. Chimodzimodzi ngati khanda linabadwa masiku osakwana kapena lili ndi vuto la mtima kapena mapapo.

Chikwama cham'manja chilongedzeni ngati kuti masutikesi anu afika mawa lake, chifukwa nthawi zina zimaterodi. Makampani ambiri amalola makilogalamu 7 m'manja ndi 23 pa sutikesi, koma onani pa tikiti yanu. Matewera akhale okwanira ulendo wonse ndi tsiku lina lapadera. Zovala zosinthira za ana onse, ndi zanunso. Ichi amayi amaiwala: mwana akasanza, amasanzira inu, ndipo kukhala maola 6 ndi bulauzi yonyowa si zinthu. Majuzi, chifukwa usiku m'ndege mumazizira. Timapepala tonyowa topukutira, ndi timatumba tapulasitiki toikamo zoipa. Mankhwala a apongozi onse akhale m'manja, m'mapaketi ake, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Power bank siiloledwa m'sutikesi yopita pansi pa ndege, iyenera kukhala ndi inu. Kuyambira 2006 zamadzimadzi zodutsa pa chipata chofufuzira zimayenera kukhala m'timabotolo tosapitirira mamililita 100. Mabwalo ena ayamba kufewetsa lamuloli, koma inu tsatirani lakalelo kuti asakutayireni zinthu. Mkaka ndi chakudya cha khanda zimaloledwa kupitirira mlingo umenewu, mungozitulutsa n'kuzionetsa. Tengani botolo lopanda kanthu mukatungire madzi mukadutsa pachipatapo. Ngati muli ndi ngolo ya mwana yopindika, ambiri amalola kufika nayo mpaka pa khomo la ndege, koma nsalu yoberekera ndiyo sidzakukhumudwitsani, makamaka ngolo ikapita kukatulukira kumalo otengera katundu.

Za zoseweretsa sindinena zambiri. Tinthu tiwiri kapena titatu tatsopano, topanda phokoso, totulutsa kamodzikamodzi, ndi makatuni oikiratu pa foni. Malamulo a kunyumba oletsa kuonera kwambiri apume kaye tsiku limenelo.

Pokwera, mabanja a ana aang'ono amaitanidwa koyamba. Maganizo anga ndi akuti musalowe nonse. Atsogole bambo ndi apongozi ndi zikwama, akapeze malo m'mwamba n'kukonza mipando. Inu tsalani panja ndi ana, wazaka 3 azithamanga mpaka mzere utatsala pang'ono kutha. Kulowa koyamba kumatanthauza mphindi 30 kapena 40 zina zomangidwa pampando ndege isanasunthe n'komwe. Aliyense asunge boarding pass yake (kapepala kolowera m'ndege), ndipo mapasipoti a ana akhale ndi amene ali ndi anawo.

M'kati, makampani ambiri adzakupatsani kalamba kakang'ono ka khanda kokoleka pa lamba wanu. Ana amene ali pampando azikhala omanga lamba nthawi zonse, ngakhale ali m'tulo, ndipo muzimangira pamwamba pa bulangete kuti tisawadzutse poyang'ana. Kugwedezeka kwa ndege n'kwachizolowezi, ngati galimoto pamsewu wa mabampu, ndipo amene amavulala kawirikawiri ndi osamanga lamba. Ana amayang'ana nkhope yanu kuti adziwe ngati pali choopsa, ndiye ngakhale mtima ukugunda, muzimwetulira. Tiyi kapena khofi wotentha musalandire khanda lili pamiyendo. Ndaona kapu ikutayika chifukwa cha kadzanja kamodzi, ndipo chilonda cha moto pakhungu la khanda si chinthu choti mukumane nacho muli m'mwamba. Mukamva tikunena kuti zovala kumaso za mpweya zikagwa muyambe mwavala inu musanaveke mwana, musaone ngati nkhanza. Pamtunda umenewo munthu amatha kukomoka pasanathe mphindi imodzi, ndipo mayi wokomoka sangaveke aliyense. Zimbudzi zina zili ndi kathebulo kosinthira thewera, funsani kuti ndi ziti. Wazaka 3 muchenjezeni kuti chimbudzi cha m'ndege chimakoka ndi phokoso lalikulu, kapena mutulutseni kaye musanadine, apo ayi adzakana kubwererako ulendo wonse.

Apongozi akufunika diso lapadera. Kukhala malo amodzi nthawi yaitali kumachedwetsa magazi m'miyendo ndipo nthawi zina amaundana m'mitsempha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linanena mu 2007 kuti chiopsezochi chimawirikiza pafupifupi kawiri munthu akakhala maola 4 kapena kuposa osasuntha, ngakhale chimakhalabe chochepa, pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 6,000. Chimakwera kwa okalamba, onenepa kwambiri, amene achitidwa opaleshoni posachedwa, amene zinawachitikirapo kale, oyembekezera, ndi amayi omwa mapiritsi ena a kulera, ndiye inunso dzifunseni. Aziimirira n'kuyenda m'kanjira pakatha ola limodzi kapena awiri, azipinda ndi kutambasula mapazi ali pampando, avale zomasuka. Mpweya wa m'ndege ndi wouma kwambiri, chinyezi chake chimakhala pansi pa 20 peresenti, choncho madzi azimwa pafupipafupi. Okalamba ambiri amadzimana madzi poopa kuvutitsa anthu popita kuchimbudzi, n'chifukwa chake ndati akhale kumbali ya kanjira. Inunso woyamwitsa muzimwa kuposa masiku onse. Asananyamuke akayezetse BP, ndipo dokotala awauze ngati akufunika masokosi othina apadera ndi mmene amwere mankhwala ngati kumene mukupita nthawi ndi yosiyana. Asayambe okha kumwa aspirin poti wina wanena. M'ndege kapena masabata angapo mutafika, mukaona mwendo umodzi watupa, ukupweteka kapena kutentha, kapena akubanika, kapena akumva kupweteka pachifuwa, musadikire kuti kuche. M'ndege uzani ogwira ntchito nthawi yomweyo, pansi thamangirani kuchipatala ndipo mukanene kuti mwangoyenda ulendo wautali.

Nanga anthu onyansidwa aja? Alipo, sindikunamizani. Wina adzatembenuka n'kukuyang'anani ndi diso lofiira. Koma ndi ochepa kuposa mmene mukuganizira, ndipo phokoso la injini limameza kulira kwambiri moti mizere ingapo kumbuyo samva n'komwe. Chimene anthu amadana nacho si mwana wolira, koma kholo limene lavala zomvera m'makutu mwana akukoka tsitsi la munthu wa kutsogolo. Akakuonani mukuyesetsa, ambiri amakumverani chisoni, ena mpaka kukunyamulirani mwana, pajatu mwana wa mnzako ngwako yemwe. Khanda likavuta, chizindikiro cha lamba chili chozima, nyamukani nalo mupite kumbuyo kumene timakonzera chakudya. Kuyendayenda ndi kulira kwa injini kumagonetsa makanda ambiri. Tipempheni madzi ofunda otenthetsera botolo, kapena kuti tikugwirireni mwana mulowe kuchimbudzi, bola isakhale nthawi imene tikugawa chakudya. Ndipo gawanani ntchito ndi bambo musananyamuke, momveka bwino: maola awa ndi anu, awa ndi anga. Ndaona abambo ambiri akuonera filimu yachitatu mayi asanalawe n'chakudya chomwe. Mawu amenewa muwawerengere.

Mukatera, musapikisane ndi anthu oimirira m'kanjira. Khalani, atuluke, inu mutsike omaliza, njinga ya apongozi imakhala ikudikira pakhomo. Sutikesi ikasowa kapena ikafika yothyoka, musatuluke pabwalo musanalembetse pa ofesi ya katundu wosowa, ndipo timapepala ta manambala timene anakumatirani pa check-in musatitaye. Pa maulendo ambiri a pakati pa mayiko pamagwira ntchito pangano la Montreal la 1999, limene limati katundu wowonongeka mudandaule molemba pasanathe masiku 7, ndipo amene sanapezeke pakatha masiku 21 amatengedwa kuti watayika ndipo mungapemphe chipukuta misozi. Musanachoke pamipando, pisani dzanja m'thumba la kumbuyo kwa mpando uliwonse mwa isanuyo ndipo muyang'ane pansi. M'matumba amenewo ndatolamo mafoni, magalasi a agogo, nsapato imodzi ya mwana, ndi mapasipoti ochuluka kuposa amene ndingakumbukire.